Funsani Amakaniko: ndaika paipi yatsopano pa snowmobile, nanga majeti nditani nawo?

Mwezi uno makalata ambiri achokera kwa abale athu okhala kumaiko ozizira, kumeneko sinowo wagwa ndiye anthu atulutsa ma snowmobile awo mmagalaja. Kwa amene simunaionepo, ndi njinga yamoto yoyenda pa sinowo, kutsogolo ili ndi ma ski awiri, kumbuyo lamba wamkulu wa labala ndi amene amaikankha. Eni ake amangoti sled. Majeti ndi tizitsulo tobowola ta mu kabuleta timene timayeza mafuta olowa mu injini.

FUNSO

Amakaniko, ine ndimagwira ntchito pa famu ina kufupi ndi Brandon kuno ku Manitoba, Canada. Chaka chatha ndinagula sled yakale ya 2001, 600cc, two-stroke, masilinda awiri ndi makabuleta awiri a Mikuni. Imayenda bwinobwino koma mwezi watha ndinapeza paipi ndi sailensa yake zasekeni pa intaneti zotchipa, mwini wake anati zimawonjezera mphamvu ndiye ndinamanga. Zoona ikulira mokoma komanso ikunyamuka kuposa kale koma pali zinthu ziwiri zikundisowetsa mtendere. Ndikaipatsa moto mwadzidzidzi imakhala ngati yatsamwa kaye kenako nkunyamuka. Chinanso nditamasula mapulagi, ya mbali ya kilatchi ndi yoyera mbee pamene inzakeyo ndi yofiirira. Anzanga akungondisokoneza, wina akuti ekizozi ndi kabuleta sizikhudzana ungoyenda basi, wina akuti tsitsa majeti ithamange kwambiri. Ma main jet amene alimo ndi 400 mbali zonse. Mu January tikufuna tipite ku Lake Winnipeg kokawedza nsomba pa ayezi. Ndithandizeni.

Wowerenga wa ku Manitoba

YANKHO

Achimwene, choyamba imikani sled imeneyo, musaithamangitsenso mpaka mutaigwira kaye. Pulagi yoyera mbali imodzi pa two-stroke si nkhani yoti tidzaona weekend ikubwerayi, silinda imeneyo ikupsa ndi moto woposa muyezo ndipo mukapita nayo choncho pa Lake Winnipeg pomwe munthu amatsegula moto wonse kwa makilomita angapo osapuma, pisitoni idzasungunuka mmbali injini nkunoka muli pakati pa nyanja kukuzizira -30. Anzanu awiriwo onse akulakwitsa, koma woopsa kwambiri ndi wachiwiriyo.

Tiyambe ndi paipiyo kuti mumvetse chifukwa chake. Pa galimoto kapena njinga ya four-stroke pali mavalavu amene amatsegula ndi kutseka, ekizozi ntchito yake yaikulu ndi kutulutsa utsi. Pa two-stroke mulibe mavalavu amenewo, pisitoni yokha ndi imene imatsegula ndi kutseka mabowo a mmbali mwa silinda, ndipo pali kanthawi komwe bowo lolowera mafuta ndi bowo lotulukira utsi onse amakhala otsegula. Ndiye chifukwa chake paipi ya sled ili ndi chimimba chija. Pamene ikufutukuka imakoka utsi kutuluka mu silinda nkukokeranso mafuta atsopano kuti alowe, ena mpaka amatulukira mu paipi momwemo, kenako pamene ikupanikizikanso kumapeto kuja imabweza mphamvu ya phokosolo mmbuyo nkukankhiranso mafuta othawa aja mu silinda pisitoni isanatseke bowo. Nzeru imeneyi anaikhwimitsa ndi Walter Kaaden ku kampani ya MZ ya ku East Germany mma 1950, ndipo inafika ku Japan pamene wokwera njinga wawo Ernst Degner anathawira ku Suzuki mu 1961. Choncho mukasintha paipi mwasintha kapumidwe ka injini yonse, kuchuluka kwa mpweya umene ukutsekeredwa mu silinda, kutentha kwake, ndi ma rpm, kutanthauza liwiro la kuzungulira kwa injini, amene mphamvu zimafika pachimake. Mnzanu woyamba uja akanakhala ndi kamfundo mukanakhala kuti mwangosintha sailensa yakumapeto yokha, chifukwa imeneyo nthawi zambiri imangochepetsa kulemera nkuwonjezera phokoso, koma inu mwasintha ndi chimimba chomwe.

Tsono petulo mu injini imeneyi ali ndi ntchito ziwiri, kuyaka komanso kuziziritsa pisitoni. Mpweya ukachuluka petulo nkuchepa, moto umalusa ngati mmene makala amachitira pa mbaula mukamakupiza. Ndipo chopweteka nchakuti injini yoperewera mafuta pang'ono imamveka bwino zedi, imayankha msanga, imalira mosalala, utsi wochepa, munthu nkumati eee paipi iyi ndi dilu, osadziwa kuti watsala pang'ono kugula pisitoni ndi silinda. Ine ndimawauza anthu kuti injini yomwa mafuta ochuluka imakutayitsani mapulagi awiri, yoperewera mafuta imakutayitsani injini, ndiye poyambira nthawi zonse ndi mbali ya mafuta ochuluka nkumatsika pang'onopang'ono.

Koma musanagule jeti ngakhale imodzi, funso ndi lakuti bwanji mbali imodzi yokha ndi imene yayera? Paipi yanu ndi imodzi yolandira masilinda onse awiri, majeti ndi ofanana, ndiye kusiyana kwakukulu chonchi kawirikawiri kumasonyeza kuti penapake pakulowa mpweya wakuba kapena kabuleta imodzi ndi yakuda. Sled ya 2001 malabala ake akalamba. Chotsani makabuleta muone malabala amene amawalumikiza ku injini, muwapinde ndi zala mukuwalitsa tochi, mng'alu umabisala pansi pomwe diso silifika. Kenako siilo ya kirankishafiti ya mbali ya kilatchi, imeneyo imalimbana ndi kukoka kwa lamba wa kilatchi komanso kutentha ndiye imatha msanga, mukaona mafuta akuda atamatirira kuseri kwa kilatchi kapena idle ikukwera yokha nkumachedwa kutsika, muikayikire. Njira yotsimikiza ndi yotseka mabowo onse a injini nkupopera mpweya pang'ono nkuona ngati ukuthawa, amakaniko a ma sled kumeneko ali nacho chida chake ndipo ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi injini. Ngati pali mpweya wakuba olo muike jeti yaikulu bwanji mukungobisa matenda.

Mukatero tsukani makabuleta onse awiri, osati kungopopera sipuleyi kunja ayi, masulani chibakuli chapansi, chotsani pilot jet, kajeti kakang'ono kopereka mafuta pa idle, muyang'ane kuwala kudzera pa kabowo kake. Sled imakhala miyezi yambiri chiimire nthawi yotentha, petulo amauma nkusiya zomatamata zobiriwira ndipo kabowo ka pilot ndi kakang'ono kwambiri moti kamatsekeka kaye ndi iko. Musapisemo waya wachitsulo, mukulitsa bowo osadziwa. Onaninso ma float, zoyandama za mu chibakuli chija, kuti ali pa muyezo wa mbuku, ndi kuti ma slide onse awiri, zitseko za mpweya mu makabuleta, akunyamuka nthawi imodzi mukakanikiza moto. Pa ekizozi penipenipo onani masipulingi ndi polumikizira pa Y-pipe, kapaipi ka mphanda kochokera ku masilinda awiriwo, paipi yasekeni nthawi zambiri imabwera ndi masipulingi otopa ndipo ikamathawitsa utsi polumikizira simungaitchune nkomwe.

Tsopano majeti. Anthu ambiri akamati jetting, kutchuna majeti, amangoganiza za main jet koma mu kabuleta muli magawo angapo ndipo lililonse lili ndi dera lake pa chala chanu. Kuyambira pa idle mpaka cha pa 1/8 kapena 1/4 ya moto akulamulira ndi pilot jet ndi sikuluwu yake. Kuyambira 1/4 mpaka 3/4 ndi singano ndi kapaipi komwe imalowamo. Kuyambira 3/4 mpaka kutsegula konse ndi pamene main jet imatenga ulamuliro. Zimalowerana mmalire koma chithunzi chake ndi chimenecho. Tengani tepi ndi cholembera muike zizindikiro pa chogwirira kuti muzidziwa kuti chala chili pa theka kapena pa 3/4, chifukwa kungoganizira mukuthamanga munthu amanama nako.

Fufuzani dzina la kampani imene inapanga paipiyo, limakhala lodindidwa penapake, ambiri opanga mapaipi monga SLP ya ku Idaho Falls amatulutsa pepala lonena jeti yoyambira, malo a singano, octane ya petulo yofunika ndi ma rpm amene paipi imafuna pa sled iliyonse. Pepala limenelo ndi lofunika kuposa malangizo anga, chifukwa si paipi iliyonse imene imafuna jeti yaikulu, zina zimakoka kabuleta mwamphamvu moti jeti yakale yomweyo imakwana. Koma ngati pepalalo lasowa, kwerani masitepe awiri kapena atatu. Ma main jet a Mikuni a makona sikisi aja pa saizi yanuyi amakwera ndi 10, ndipo nambala yake ikunena za kuchuluka kwa mafuta odutsa osati kukula kwa bowo, ndiye kuchoka pa 400 yambani ndi 420 kapena 430. Gulani enieni a Mikuni, majeti otchipa a mmapaketi osadziwika aja nambala yolembedwa ndi zomwe akudutsitsa nthawi zina sizigwirizana ndipo mudzazunguzika mutu pachabe. Musadabwenso mukamva kuti ma sled ena amachoka ku fakitale ndi majeti osiyana mbali ziwirizo, silinda ina imatentha kuposa inzake mwachibadwa, ndiye onani buku la sled yanu kuti 400 mbali zonse ndi mmene inabwerera kapena mwini wake wakale anasintha.

Singano ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo chifukwa injini zambiri zimafera pamenepa osati pa moto wonse. Taganizani mmene mumayendera pa trail, njira ya ma sled, kapena pa nyanja mukupita kowedza, chala chimakhala pa theka kapena kuchepera apo kwa mphindi zambiri osasuntha, ma rpm ali mmwamba ndithu chifukwa kilatchi yagwira, timing, nthawi imene pulagi imayatsa moto, pa ma rpm apakati nayo imakhala yotsogola, paipi yatentha, koma mafuta akudutsa pa singano pokha. Munthu anaika main jet yaikulu akuti ndatetezeka, kumachita kudabwa injini itanoka akuyenda mofatsa. Singano ili ndi timizere tisanu kumutu kwake, kakilipi kamakhala pa kamodzi mwa timeneto ndipo timawerenga kuchokera pamwamba. Kakilipi kakakwera mmwamba singano imatsika nkutseka njira, mafuta amachepa. Kakatsika pansi singano imakwera, mafuta amachuluka. Ambiri amasokoneza pamenepa ndiye bwerezani kuwerenga. Ngati kali pa 3 katsitseni pa 4 poyambira. Pa masingano ena pamakhala kawasha kapulasitiki pansi pa kilipi, musakataye ndipo kabwerere pomwe kanali. Muchitire ntchito imeneyi pa tebulo loyala nsalu yoyera, kakilipi kakadumphira mu sinowo kapena pansi pa injini simudzakaonanso.

Kutsamwa kuja mukaipatsa moto mwadzidzidzi, mvetserani kaye kalilidwe kake. Kukakhala kophwephwa, ngati injini yasowa mpweya wopuma nkuti bwooo, ndi kuchepa kwa mafuta. Kukakhala kwa bububu ndi utsi wambiri kenako nkuyera, ndi kuchuluka. Choko ikuthandizani kusiyanitsa, injini itatentha kale kwezani choko theka pa nthawi imene ikutsamwayo, zikasintha nkukhala bwino ndiye kuti imafuna mafuta, zikaipiraipira ndiye kuti anali ochuluka kale. Ndi pulagi yanu yoyerayo ine ndikukayikira pilot yotsekeka kapena mpweya wakuba. Za sikuluwu samalani, ikakhala mbali ya airbox, bokosi lolowera mpweya, ndi ya mpweya, kuimasula kumachepetsa mafuta, ikakhala mbali ya injini ndi ya mafuta, kuimasula kumawonjezera. Musanaigwire imangeni mofatsa mpaka itagunda mukuwerenga kuzungulira kwake, mulembe, kuti mukasochera mudziwe kobwerera. Ndipo airbox isachoke, olo wina akuuzeni kuti ipuma bwino, kabuleta inatchunidwa ndi bokosi limenelo komanso limatchinga sinowo wa fumbi kuti asalowe mu injini.

Poyesa pezani malo aatali owongoka opanda anthu, mitengo kapena mipanda ya waya yobisika mu sinowo. Injini itenthe kaye bwinobwino, gwirani ma heat exchanger, zoziziritsira madzi a injini, mumve kufunda, chifukwa pisitoni imafufuma msanga kuposa silinda yozizira ndipo mukaithamangitsa isanatenthe imagwira pa makona anayi, kumeneko nkunoka kwina kosakhudzana ndi majeti. Ikatentha tsegulani moto wonse kwa kamtunda ndithu kenako menyani kill switch, batani lozimitsira injini, chala chidakali pa moto, nkuima ndi buleki. Mukaisiya ilire pa idle olo pang'ono mwafufuta umboni. Masulani mapulagi pomwepo. Mtundu umene tikufuna ndi wofiirira ngati katoni, yakuda yonyowa ndi mafuta ochuluka, yoyera kapena yotuwa ndi ochepa, ndipo mukaona timadontho tonyezimira ta aluminiyamu pa chadongo choyeracho musalizenso injini, pisitoni yayamba kudyeka. Pulagi yatsopano imachedwa kugwira mtundu ndiye musaiweruze pa ulendo woyamba, muyang'anenso mkati pansi penipeni pa chadongocho osati kunsonga kokha. Mukamaliza za moto wonse bwerezani zomwezo pa theka ndi pa 1/4, chala pa chizindikiro chija.

Umboni wina wodalirika kuposa pulagi uli pamutu pa pisitoni. Tsitsani pisitoni pansi, lowetsani katochi kopindika pa bowo la pulagi. Pakati pamayenera kukhala pakuda ndi kaboni, koma mmphepete pomwe mafuta atsopano amalowera pamakhala timalo totsukika toyera, kukula kwake ngati chikhadabo cha chala. Timaloto tikakula kwambiri mafuta achuluka, tikasowa pisitoni yonse nkukhala yakuda youma mpaka mmphepete mafuta achepa. Mphepete ya mbali ya ekizozi ikamaoneka ngati yakwechedwa ndi mchenga ndiye detonation imeneyo, mafuta akuphulika okha mosalongosoka mmalo moyaka bwino. Ena amaika geji ya EGT yoyeza kutentha kwa utsi, ambiri amasunga cha pa 1,200 mpaka 1,250°F pa moto wonse, kumene ndi cha mma 650 mpaka 680°C, koma nambala imeneyi imasintha malinga ndi pomwe mwaboola poika sensa, komanso detonation ikayamba geji imatha kutsika mmalo mokwera chifukwa moto ukulowa mu pisitoni. Ndiye geji ndi yothandiza mukayamba mwaigwirizanitsa ndi zomwe pulagi ndi pisitoni zikunena.

Zonse zikasonyeza kuti 430 yachuluka, tsikani pa 420, yesaninso. Chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Mukasintha jeti, singano ndi sikuluwu limodzi zikayenda bwino simudziwa chakonza nchiti, zikaipa simudziwanso. Khalani ndi kabuku mu jekete, lembani tsiku, kuzizira kwake, jeti, kilipi, ma rpm ndi mtundu wa pulagi.

Kuzizira ndakutchula dala. Mpweya wozizira ndi wothinana, pa -30°C muli mpweya wochuluka ndi pafupifupi 12% mu malo omwewo poyerekeza ndi pa 0°C, ndipo kabuleta sidziwa zimenezo, imangopereka mafuta monga mwa jeti yomwe ilimo. Ndiye mukatchuna mu December tsiku lofunda la -5 injini ili pa malire penipeni, mmawa wa January ku Gimli kapena kulikonse pa nyanjapo idzakhala yoperewera mafuta koopsa. Mbuku la sled muli tebulo la majeti malinga ndi kuzizira ndi kutalika kwa malo, tengani kusiyana kwa masitepe ake muphatikize pa zomwe mwapeza ndi paipi yanu. Tchunirani tsiku lozizira kwambiri limene mungayende, masiku ofunda ingololerani kuti izimwa mowonjezera pang'ono. Sinowo wakuya kapena madzi osakanikirana ndi sinowo pamwamba pa ayezi, kuphatikiza kukoka chingolo cha katundu wowedzera, zonsezi zimalemetsa injini nkuwonjezera kutentha.

Petulo nayenso. Wamba wa ku Manitoba ali ndi ethanol wofika 10%, ndipo ethanol amafuna mpweya wochepa kuti ayake, petulo weniweni ndi magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi pamene wosakaniza chonchi ndi cha pa 14.1, kutanthauza kuti jeti yomweyo ikukupatsani mafuta operewera pang'ono. Ndi paipi imeneyi thirani wa octane 91 osati 87, ndipo muzitchuna ndi petulo yemwe muziyendera. Chigubu chotsala cha chaka chatha thirani mu galimoto. Ena akaopa amathira oilo wowonjezera mu thanki pomwe pampu ya oilo ikugwira kale ntchito, dziwani kuti oilo ameneyo akudutsa pa jeti yomweyo nkulanda malo a petulo, ndiye mukachulutsa mukuchepetsanso mafuta oyaka.

Chotsala ndi kilatchi. Paipi iliyonse ili ndi ma rpm ake, tinene wopanga akuti 8,100, mukatsegula moto wonse geji ya ma rpm iyenera kufika pamenepo nkukhazikika. Ikamapitirira, ma weight, tizitsulo tolemera ta mu kilatchi yakutsogolo, apepuka, ikamalephera kufika alemera kapena lamba wa kilatchi watha kapena mafuta achuluka. Ambiri amaona ma rpm otsika nkuthamangira kutsitsa jeti kuti akwere, kumeneko ndi kukonza vuto la kilatchi ndi moyo wa pisitoni. Malizani majeti kaye ali mbali yotetezeka kenako mubweretse ma rpm ndi ma weight ndi sipulingi. Ndipo chonde poyesayesa musalize injini mu galaja yotseka, utsi wa carbon monoxide sununkha ndipo umapha.

FUNSO

Ine ndi amuna anga timakhala ku Edmonton, sled yathu ndi ya kabuleta ndipo tinaitchuna bwino ndi paipi yake. Anzathu atiitana ku mapiri a ku Revelstoke. Tisinthenso majeti?

Mayi wa ku Alberta

YANKHO

Eya achemwali, musintha, koma uku mukulowera mbali inayo. Edmonton ili cha pa mamita 670, malo okwerera ma sled pamwamba pa Revelstoke amapitirira mamita 1,800. Mukamakwera mpweya umapepuka, pa mamita 2,000 watsika ndi pafupifupi 18% poyerekeza ndi kunyanja yamchere, ndiye majeti a kwanu kumwambako adzachulutsa mafuta, sled izidzangoti bububu, mapulagi kuda, mphamvu osaoneka. Zimenezo sizipha injini koma zimatopetsa, ndipo mu sinowo wakuya sled yopanda mphamvu imatitimira. Tsatani tebulo la mbuku mutsitse main jet, mwinanso singano sitepe imodzi, komanso mufunika ma weight opepuka mu kilatchi chifukwa injini imataya mphamvu cha pa 3% pa mamita 300 alionse olo muitchune bwanji.

Pomwe anthu amapwetekera ndi potsika. Tauni ya Revelstoke ili pansi, siifika ndi mamita 500 omwe, ndiye pomwe mwaimika galimoto ndi pomwe mukukasewera ndi maiko awiri osiyana. Ndi majeti a pamwamba, njira yokwerera ndi yotsikira muziyenda mofatsa, chala chizisinthasintha, osakanikiza moto wonse kapena kuugwira malo amodzi nthawi yaitali. Mukabwerera kwanu bwezerani majeti akale musanaitsitse nkomwe pa trailer, mangani kapepala pa chiwongolero kokukumbutsani. Onaninso ngati sled yanu ili ndi zodzisinthira zokha, ma Ski-Doo ena a kabuleta anali ndi DPM, ma Polaris ena a kumapiri anali ndi ACCS, pa amenewo tebulo lake ndi lina ndipo mukatsitsa majeti ngati kuti mulibe mwachepetsa kawiri.

Ndiwonjezere ichi ngakhale simunafunse, kumeneko sinowo amagumuka mmapiri nkukwirira anthu. Aliyense akhale ndi beacon (kachipangizo kosonyeza pomwe munthu wakwiririka), probe (ndodo yofufuzira mu sinowo) ndi fosholo, muphunzire kagwiritsidwe kake musanapite, ndipo mmawa uliwonse muziwerenga chenjezo la Avalanche Canada, likulu lawo lili mu Revelstoke momwemo.

FUNSO

Yanga ndi yatsopano ya fuel injection, ndikufuna kuika sailensa yolira kwambiri. Majeti ake ali pati?

Mnyamata wa ku Thunder Bay, Ontario

YANKHO

Mulibe majeti mmenemo achimwene. Kuyambira pamene malamulo a EPA, bungwe la zachilengedwe la boma la America, okhudza utsi wa ma snowmobile anayamba kugwira ntchito mu 2006 makampani anasamukira ku injection, monga E-TEC ya Ski-Doo ndi Cleanfire ya Polaris, kompyuta ndi imene imayeza kuzizira ndi kutalika kwa malo nkupereka mafuta. Koma kompyutayo inalembedwa ndi ekizozi ya ku fakitale, siingadziwe yokha zonse zomwe mwasintha. Sailensa yokha yopangidwira sled yanu nthawi zambiri imayenda popanda kusintha kanthu, koma paipi yonse imafuna kabokosi kowonjezera mafuta kapena kulembanso mapu a kompyuta, ndipo warranty mwina mwaitaya.

Za phokosozo ndikupemphani muganizenso. Ma sled amachoka ku fakitale osapitirira 78 dB poyeza pa mtunda wa mamita 15, ndipo lamulo la Ontario la Motorized Snow Vehicles Act limaletsa sailensa yobowola, yochotsa zamkati kapena paipi yongowongoka, apolisi amaima pa ma trail nkumalipiritsa. Ma trail ambiri a OFSC, bungwe la makalabu a ma sled ku Ontario, amadutsa mminda ya anthu amene anangolola mwaufulu, mlimi akatopa ndi phokoso usiku amatseka geti ndipo onse okwera ataya njira. Zilipo zopepuka koma zosasokosa, funani zimenezo.

FUNSO

Amakaniko ine za sinowo sindizidziwa, ndine wa kabaza kuno ku Dedza, njinga yanga ndi 150cc. Ndinachotsa zamkati mwa sailensa kuti izimveka, pano ikuphulitsa phaphapha ndikasiya moto ndipo ikutentha kwambiri makamaka ndikatsikira ku Golomoti. Ndi nkhani yomweyi?

Wakabaza, Dedza

YANKHO

Ndi yomweyi ndithu achimwene, kungoti yanu ndi four-stroke ndiye imapirira kuposa sled, siinoka tsiku limodzi koma valavu ya ekizozi imapsa pang'onopang'ono mpaka kompuleshoni kutha, mmawa nkumavutika kuiliza. Kuphulitsa posiya moto kumasonyeza kuti pa pilot mafuta achepa kapena gasiketi ya pomwe ekizozi imagwira ku injini ikulowetsa mpweya. Ndipo mwaona bwino za Golomoti, Dedza ili pamwamba cha pa mamita 1,600, mukatsika Khwekhwelere mwafika kuchigwa komwe mpweya ndi wothinana kuposa kwanu ngakhale kuli kotentha, njinga yomwe inali pa malire kumtunda kumusiko imaperewera mafuta, kuphatikiza dzuwa ndi katundu pobwerera pokwera. Petulo wathunso amasakanizidwa ndi ethanol, zinayamba mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa.

Chotchipa kwambiri nkubwezera sailensa yabwinobwino, njinga yabizinesi mphamvu zomwe mwapeza pobowola ndi zochepa zedi poyerekeza ndi mafuta ndi valavu. Ngati mukuikakamira, sinthani gasiketi ija, tsukani kabuleta, masulani sikuluwu ya mafuta pang'onopang'ono kotala kotala mpaka kuphulitsa kuchepe, kwezani singano sitepe imodzi ngati ili ndi timizere, nkuyesa main jet yotsatira. Manambala a majeti a njinga zanuzi ndi ang'onoang'ono, cha mma 90 kapena 100 ndi kanthu, mawerengedwe ake ndi ena osati a Mikuni a 400 ndanena pamwambapa, ndiye popita ku shopu nyamulani yakaleyo mufananize mazinga ndi mutu wake. Musalole wina akulitse bowo la jeti ndi singano yosokera kapena waya wa buleki, silibwereranso. Fyuluta ya mpweya ikhalemo nthawi zonse, yotsuka ndi yopaka oilo pang'ono ngati ili ya siponji, fumbi la mu October likalowa limadya maring'i mwezi usanathe. Pulagi muziyimasula Loweruka lililonse muone mtundu wake.